Tisunge Abisa Foni

Tisunge anali ndi zaka zisanu ndi ziwili. Ankakhala pamudzi wina ku Kaumbwe, ku Petauke. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kukamba ndi amama ake pa foni.

Amama ake anali ku Nyimba. Anapita kukaphunzila kusoka zovala. Anati adzakhalako miyezi itatu. Pochoka anamusiyila Tisunge malamulo ambili.

"Usayende wekha kumsewu. Usagwile mpeni. Mutu ukawawa, uuze atata ako pamene apo. Wamva?"

"Namva, amama."

Amama anamugwila pamphumi. Anamuyang'ana m'maso. Kenako anakwela basi, napita.

Tisunge anatsala ndi atata ake, aJosphat. Anatsalanso ndi anti Natasha, mlongo wa atata. Anti anabwela kudzathandiza kuphika ndi kuchapa.

Panyumba panali foni imodzi. Inali yaing'ono. Inali ya mabatani. Koma foniyo sinkakhala m'nyumba. M'nyumba munalibe netiweki. Pakhonde panalibe netiweki. Kukhola kunalibe netiweki. Netiweki inali pamalo amodzi okha, pachulu cha kuseli kwa nyumba.

Pachulupo panali mtengo wa bwemba. Atata anakhoma msomali pamtengowo. Anaika foni m'sokosi yakale. Anapachika sokosiyo pamsomali. Foni inkalendewela pamenepo tsiku lonse ngati mleme.

* * *

Madzulo alionse, mbuzi zikamabwela, foni inkalila.

"Tilili!"

Tisunge ankathamanga. Ankakwela chulu. Ankatambasula dzanja.

Zii. Foni yaleka.

Inkalila kamodzi kokha. Osati kawili. Osati katatu. Kamodzi kokha basi.

Atata ankabwela pang'onopang'ono. Ankatulutsa foni m'sokosi. Ankadina mabatani. Ankaika foni kukhutu, osakamba kanthu. Kenako ankaibwezela m'sokosi.

"Atata, ni ndani?"

"Ni amako. Apeja."

"Kupeja ni chani?"

"Iwe, ona mbuzi zija zilowa mu dimba! Thamanga!"

Tsiku lina Tisunge anakhala pansi pa bwemba kudikila. Anayamba wayang'ana ngati palibe njoka. Anadikila. Anadikila. Nyelele zinamuluma, iye osasuntha.

"Tilili!"

Tisunge analumpha. Anagwila sokosi.

Zii.

"Adula!" anakuwa Tisunge. "Adulanso!"

Tisunge anakwiya. Anatupa masaya. Anaponda pansi, di! di! di!

"Atata, amama adulilanji?"

"Ni mmene timachitila," anatelo atata, uku akumanga chitseko cha khola. "Tizakamba nao pa Sondo."

* * *

Sondo inafika. Anapita ku tchalitchi. Pobwela, atata anagula tokitaimu pa kantemba, kagolosale ka m'mudzi. Anakanda kapepalako ndi chikhadabo. Onse atatu anakwela pachulu.

Atata anatuma foni. Anakamba mokweza, ngati amama ali tsidya la mtsinje.

"Amake Tisunge! Muli bwanji? Ee, tili bwino! Mbuzi ija yoyela yabala! Tuwili! Ee! Kamodzi kali na mawanga!"

"Ine, atata," anatelo Tisunge.

"Dikila. Amake Tisunge, chimanga chayamba kufumbwa. Mankhwala aja munaika kuti? Kuti? Pamwamba pa kabati? Palibe! Nasakila!"

"Ine manje, atata!"

Koma anti Natasha anali atatambasula kale dzanja.

"Mulamu! Mwachoma bwanji? Dilesi yanga ija musaiwale. Manja yakhale yotukumuka. Awe, osati ya maluwa. Ya maluwa avala amai busa!"

Anti anaseka. Anasekanso. Tisunge anakoka chitenje chao. Anakoka mwamphamvu.

"Iwe, uzanivula! Tenga!"

Tisunge anagwila foni ndi manja awili.

"Halo, ama..."

Tu. Tu. Tu.

"Yatha tokitaimu," anatelo atata. "Uzakamba Sondo ya mawa."

Sondo yachiwili inafika. Atata anakamba za mbuzi. Anti anakamba za dilesi.

"Halo, ama..."

Tu. Tu. Tu.

Sondo yachitatu inafika. Atata analonjeza. "Lelo uzakamba, mwana wanga." Koma kamwana kambuzi kanali kotsegula m'mimba. Atata anafotokoza zonse. Anafotokoza mtundu wake. Anafotokoza ndi fungo lake lomwe.

"Halo..."

Tu. Tu. Tu.

Tsiku limenelo Tisunge sanafike ndi pa "ama".

Tisunge anakwiya. Anakwiya kwambili. Anakwiyila atata. Anakwiyila anti. Anakwiyila mbuzi. Anakwiyila dilesi. Koma koposa onse, anakwiyila amama.

"Amama safuna kukamba na ine," anadziuza yekha. "Akaona nathamanga, adula."

* * *

Lolemba Tisunge anabwela kuchokela kusukulu. Atata anali kudimba. Anti anali kumjigo. Pakhomo panali zii.

Tisunge anakwela chulu. Anayang'ana sokosi. Sokosi inangolendewela.

"Iwe foni," anatelo. "Ndiwe woipa."

Anaima ndi zala za kumapazi. Anachotsa sokosi pamsomali. Anatsika nayo.

Pansi pa nkhokwe panali mtsuko wakale wosweka kukamwa. Tisunge anakwawa. Anaponya foni mumtsukomo. Anaphimba ndi makoko a chimanga.

"Lila manje tione!"

Madzulo mbuzi zinabwela. Foni sinalile. Pansi pa nkhokwe panalibe netiweki.

Atata anapita pachulu. Anapeza msomali wokha.

"Natasha! Foni ili kuti?"

"Nanga niziwe bwanji ine?"

"Ndiwe umakonda kumvela nyimbo!"

"Ine? Achimwene, musaniyambe! Mufunse mbuzi zanu. Zimadya na masokosi!"

Atata anakwiya. Anti anakwiya. Atata anasakila m'udzu. Anti anasakila m'madengu. Anagubuduza mtondo. Anakutumula mphasa. Atata anayang'ana ngakhale m'kamwa mwa mbuzi yoyela. Mbuzi nayo inakwiya.

"Tisunge, sunaione foni?"

Tisunge anayang'ana pansi. Anapukusa mutu.

"Mubweleke foni kwa aphunzitsi," anatelo anti. "Muwauze amulamu kuti yasowa."

"Niwatumile pa nambala iti?"

"Ya amulamu!"

"Nambala ili mu foni mwamene muja!"

"Simuiziwa pamtima? Nambala ya akazi anu?"

"Iwe uiziwa?"

Anti nayenso sankaidziwa.

Tisunge anamva zonse. Anaganiza kuti akondwa. Koma sanakondwe. Anasiya chakudya m'mbale.

* * *

Lachiwili anti anamutuma Tisunge kwa aSitali ndi ndiwo za masamba a maungu.

"Upeleke chibwabwa ichi. Uyende m'mbali mwa njila. Usachedwe."

ASitali anali nkhalamba ya pafupi. Kwao kunali kutali, ku Mongu. Anabwela ku Petauke kalekale kudzagwila nchito ya mawaya a foni. Atapuma nchito, anakhala konkuno. Analibe foni ya m'manja. Ankati tumafoni twa masiku ano n'tochititsa ulesi.

"Odi, agogo!"

"Lowa, kamzukulu. Nanga masaya yatupa chani? Wamenyana na njuchi?"

Tisunge sanaseke. Anaika chibwabwa pa tebulo. Pomwepo anaona chinthu chachilendo. Chinali chakuda. Chinali chachikulu ngati nkhuku yofungatila. Chinali ndi chingwe chopotanapotana. Kutsogolo chinali ndi kagudumu ka mabowo.

"Ni chani ichi, agogo?"

"Ni lamya. Ni agogo ake a foni yanu ija yasowa."

"Ilila?"

"Inaleka kale. Ilibe waya. Nyamula uone."

Tisunge ananyamula. Inali yolemela ngati mwala.

"Iyi siingalowe mu sokosi," anatelo.

ASitali anaseka mpaka kutsokomola.

"Ika chala apa. Zungulutsa."

Tisunge anazungulutsa kagudumu. Kagudumu kanabwelela kokha. Krrrr.

"Ndiye nambala imodzi iyo," anatelo aSitali. "Tinali kuzungulutsa imodzi imodzi. Ndipo manambala yanali mu mutu. Osati monga atata ako! Dzulo anabwela kuno thukuta kamukamu. Nambala ya mkazi wao saiziwa!"

ASitali anatsonya. Kenako anakhala bwino pampando.

"Kale kunalibe na lamya yomwe. Ukafuna kuuza munthu nkhani, unali kulemba kalata. Kalata inali kuyenda masiku. Nkhani ikakhala ya msanga, munthu anali kupalasa njinga. Kenako kunabwela mawaya. Tinaimika mapolo m'mbali mwa msewu. Polo, polo, polo, mpaka ku boma. Ine ninali kukwela pamwamba monga pusi."

"Mau yanali kuyenda mu waya?"

"Mu waya mwamene. Koma lamya sizinali mu midzi. Zinali ku positi na ku maofesi. Munthu anali kuyenda kuchokela kuno mpaka ku boma. Afola pa mzele. Akamba pang'ono chabe. Abwelela. Tsiku latha."

"Manje waya uli kuti?"

"Manje mau yauluka m'mwamba. Yagwela pa chulu chanu."

Tisunge anazungulutsanso kagudumu. Krrrr. Anafunsa osayang'ana aSitali.

"Agogo, kupeja ni chani?"

"Sanakuuze? Akulu a masiku ano! Mvela. Kukamba pa foni kumadya tokitaimu. Koma kuliza kamodzi na kudula sikudya kanthu. Ndiye kupeja. Amako akaliza kamodzi, akuti, 'Ine nili bwino. Nanga imwe?' Atata ako naonso aliza kamodzi. Akuti, 'Naife tili bwino.' Basi. Onse agona mtima uli m'malo."

Tisunge anasiya kagudumu.

"Nanga ngati sitinayankhe?"

"Apo ndiye poipa. Chaka china mtengo unagwela waya. Inali nthawi ya mvula. Lamya zonse zii, masiku atatu. Ine nili pamwamba pa polo, naona amai ena abwela. Ayenda wapansi, matope mpaka m'maondo. Mwana wao anali ku sukulu yogonela ya pafupi pamene apo. Anali kutuma lamya, siipita. Anaganiza kuti kwagwa zoipa."

"Mwana anali kudwala?"

"Awe! Anali kuchaya bola pa bwalo la mpila! Koma foni ikakhala zii, mai saganiza za bola. Aganiza za malungo. Aganiza za njoka. Aganiza za moto."

Tisunge anakwinya nkhope.

"Aganize!" anatelo mokweza. "Nainenso nimaganiza!"

ASitali anamuyang'ana. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

Tisunge anatuluka osatsazika. Anayenda akumenya timiyala ndi phazi. Anali wokwiyabe. Koma mau a aSitali sanamuchoke m'mutu.

Madzulo mbuzi zinabwela. Pachulu panali zii. Tisunge anaona amama m'maganizo. Anawaona ali ku Nyimba, foni ili kukhutu. Akudina. Akudikila. Akudinanso.

* * *

Lachitatu Tisunge sanamve za m'kalasi. Belu litalila, anathamanga. Sanadikile anzake. Anaponya chikwama pakhonde. Anakwawila pansi pa nkhokwe. Anachotsa makoko. Anatulutsa sokosi.

Anadina batani. Foni sinayake. Anadinanso. Bii. Batile inali itatha.

"Yaka! Yaka iwe!"

Pomwepo kunamveka njinga yamoto. Inalowa pakhomo ndi fumbi. Nkhuku zinabalalika. Munthu anatsika njinga isanaime bwino.

Anali amama.

Duku linali litapendekeka. Tepi yopimila zovala inali ikali m'khosi. Maso anali ofiila.

"Adwala ndani?" anakuwa amama. "Kambani! Adwala ndani?"

Atata anatuluka m'khola. Anti anatuluka m'khichini, chipande chili m'manja.

"Amake Tisunge! Mwabwela?"

"Mwana ali kuti?"

Tisunge anatuluka pansi pa nkhokwe. Amama anamuthamangila. Anamugwila pamphumi. Anamukoka chikope n'kuyang'ana m'diso. Anamutembenuza. Anayang'ana miyendo. Anayang'ana msana.

"Suli kutentha. Sunalumiwe. Sunapye. Onetsa manja."

Tisunge anabisa manja kumbuyo.

"Onetsa manja, Tisunge!"

Tisunge anaonetsa. M'dzanja munali sokosi. M'sokosi munali foni.

Onse anayang'ana sokosiyo.

"Waipeza kuti?" anafunsa atata.

Tisunge akanatha kunama. Akanatha kunena kuti waitola. Koma anaimika mutu.

"Ninaibisa. Mu mtsuko. Ndine."

Atata anakwiya. Mitsempha inatuluka pakhosi.

"Iwe! Ine nasakila masiku awili! Nayang'ana na mu kamwa mwa mbuzi!"

Anti anakwiya. Analoza ndi chipande.

"Ine ananinamizila kuti ndine kawalala wakuba foni! Chifukwa cha iwe!"

Koma amama anakwiya koposa.

"Tisunge. Masiku awili napeja. Natuma na kutuma. Foni siipita. Sininadye. Sininagone. Lelo kunali mayeso yosoka kolala ya malaya. Nasiya nsalu pa makina. Nakwela basi. Njila yonse nili kupemphela kuti nikupeze wamoyo. Manje iwe unaika foni mu mtsuko? Mu mtsuko!"

Misozi inadzadza m'maso mwa Tisunge. Koma mkwiyo unali waukulu kuposa misozi. Unakwela kuchokela m'mimba. Unafika pakhosi. Unatuluka.

"Imwe mumadula!"

"Wati chani?"

"Mumadula! Masiku yonse mumadula! Nikathamanga, mwadula! Nikalumpha, mwadula! Kulibe ananiuza kuti ni moni! Pa Sondo mukamba za mbuzi! Mukamba za dilesi! Ine nikagwila, tu, tu, tu! Mbuzi ndiye mwana wanu? Kambani nayo mbuzi!"

Tisunge analila. Analila mokweza, kukamwa yasa. Analila ndi mkwiyo wa milungu itatu.

Amama anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana atata.

"Atate ake Tisunge. Simunamuuze mwana za kupeja?"

"Ninaona monga aziwa."

"Nanga pa Sondo? Ine nikafunsa, mumati ali bwino, azakamba pothela."

Atata anakanda m'mutu.

"Tokitaimu imatha msanga."

"Imatha na chani?"

Atata anayang'ana kukhola. Anti anabisa chipande kumbuyo. Anayamba kubwelela cham'mbuyo, kulowela kukhichini.

"Mulamu, imani pamene apo!" anatelo amama. "Dilesi yanu izakhala ya maluwa!"

Amama anagwada pafumbi. Anachotsa duku. Anapukuta nalo nkhope ya Tisunge.

"Nainenso nalakwa," anatelo. "Ninakuuza za mpeni. Ninakuuza za msewu. Za kupeja sininakuuze. Nikaliza kamodzi, nimaliza chifukwa cha iwe. Nifuna kuziwa ngati wadya. Nifuna kuziwa ngati sunadwale."

"Ninaganiza simunifuna."

"Ine? Ona nsapato zanga."

Tisunge anayang'ana. Nsapato imodzi inali yakuda. Inayo inali yofiila. Amama anavala mothamanga.

Tisunge anafuna kuseka. Anadziletsa. Anali asanamalize kukwiya.

"Koma mvela," anatelo amama. "Ukakwiya, ukambe. Ukuwe ngati ufuna. Foni usabise. Tsiku lina munthu azadwala zoona. Tizaitana bwanji thandizo?"

"Pepani, amama. Pepani, atata. Pepani, anti."

Tisunge anapuma. Anapukuta mphuno. Kenako anaimika chala.

"Koma nainenso nili na malamulo."

"Ehe!" anatelo anti. "Tamvelani bwana!"

"Madzulo, wopeja nizakhala ine. Pa Sondo, woyamba kukamba nizakhala ine. Mbuzi pothela."

Amama anayang'ana atata. Atata anakweza manja onse awili.

"Mbuzi pothela," anavomela.

* * *

Anaika foni pa sola kuti ichaje. Tisunge ndiye anakhala mlonda. Dzuwa likasuntha, iye ankasuntha sola. Nkhuku ikayandikila, ankaiingitsa.

Amama anatenga khala. Analemba nambala yao pakhoma la khichini. Analemba manambala akuluakulu.

"Aliyense aloweze," anatelo. "Kulibe kudya mpaka muiziwe."

Tisunge anawelenga katatu. Anatseka maso. Anaitchula yonse. Anti anaphonya kamodzi, kenako anakhoza. Atata anayamba bwino. Pakati anasokoneza. Anayambanso. Anasokonezanso.

"Atata, mwasiya seveni!"

"Seveni inali pati?"

Amama anagwila pakamwa. Mapewa anagwedezeka. Kenako anaseka, ndipo onse anaseka.

Foni itayaka, amama ndi Tisunge anakwela pachulu. Amama anamuonetsa batani lobiliwila. Anamuonetsa batani lofiila.

"Udina iyi. Ukamva yalila kamodzi, udina iyi. Yesa."

Tisunge anadina. Foni ya amama inalila m'chikwama. Tisunge anadula msanga.

"Wakamba chani?" anafunsa amama.

"Nakamba kuti nili bwino."

M'mawa mwake amama anabwelela ku Nyimba. Anati akapempha aphunzitsi ao kuti asoke kolala tsiku lina. Anamugwila Tisunge pamphumi kawili asanakwele njinga.

* * *

Sondo inafika. Anabwela kuchokela ku tchalitchi. Onse atatu anakwela pachulu.

Atata anatulutsa foni m'sokosi. Anaipeleka kwa Tisunge. Anaika manja ao kumbuyo. Anti nayenso anaika manja kumbuyo.

Tisunge anadina nambala yekha, kuchokela pamtima. Foni inalila kamodzi. Tisunge sanadule. Inalila kawili.

"Halo? Tisunge? Ndiwe, mwana wanga?"

Mau a amama anali pafupi, m'khutu mwenimweni.

Tisunge anali ndi nkhani zambili. Anazisunga milungu inayi. Anatsegula pakamwa. Nkhani zonse zinathawa.

"Halo? Tisunge? Uli bwino? Mutu uwawa?"

"Awe, amama."

"Nanga wakhalilanji chete?"

"Kamba, iwe," ananong'ona atata. "Tokitaimu!"

Anti anawagunda ndi chigongono. Atata anatseka pakamwa.

Tisunge anakhala pansi. Anatsamila mtengo. Anakanikiza foni kukhutu ndi manja awili.

"Amama, kambani chabe imwe," anatelo. "Ine nifuna kumvela."

Ndipo amama anakamba.